Anandiyeza ndi Tepi, Ine N'kumaseka

1

Ndine mkazi wamtali. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepa. Pojambulitsa chithunzi amandiimika kumbuyo, m'basi mawondo anga amakanda mpando wakutsogolo, ndipo amuna anga, kuyambira tili pachibwenzi, ankanditchula kuti Mlongoti. Sindinkakwiya nazo. Ankalitchula mokoma dzinalo, akundiyang'ana chokweza mutu, ine n'kumangosungunuka.

Ndimagwira ntchito m'sitolo ya nsapato. Tsiku lonse ndimakhala chogwada, kuyeza mapazi a anthu. Munthu akangolowa pakhomo ndimadziwiratu saizi yake asanavule n'komwe. Musaiwale zimenezi, kuti mudzandiseke bwino kutsogoloku.

Tili ndi ana awiri. Woyamba ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, timamutchula Mtolankhani chifukwa chilichonse chimene waona sichigona m'mimba mwake. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka zitatu, amene dzina lake analipeza nthawi yokonza nyumba: Bwana Fumbi.

Nyumbayo ndi imene malemu apongozi anga anasiyira amuna anga. Inali yokalamba, ya denga lodontha ndi makoma a ming'alu, ndipo sinki ya kukhitchini anaikira munthu wamfupi. Zaka zonse za ukwati wathu ndinatsuka mbale nditawerama ngati ndataya singano. Madzulo aliwonse msana unkachita kuyaka.

Tsiku lina amuna anga, amene amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, anafika pakhomo ali mwee.

"Mlongoti, tikonze nyumbayi," anatero. "Ana akhale ndi chipinda chawo. Iwe ukhale ndi khitchini ya msinkhu wako. Kuseri kuja, kumene timaunjikako makatoni, tikonzeko chipinda ndi kakhitchini, tizichititsa lendi."

Ndinawakumbatira mpaka kuwanyamula. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chitseko cha ana chiyang'anizane ndi chathu. Mnyamatayu ali ndi mphumu, ndipo akayamba kubanika sakuwa ayi, pakhosi pake pamangolira kamluzu kakang'ono. Ndinkafuna ndizikamva kamluzu kameneko.

"Zimenezo n'zosachita kupempha," anatero amuna anga.

2

Amene sanakhalepo m'nyumba ikukonzedwa, ali ndi ana aang'ono, asamanene kuti anavutikapo. Tinaunjikana tonse m'chipinda chimodzi: bedi, matiresi a ana, firiji, masutikesi, ndi hotipuleti pamwamba pa mpando. Pakhomo tinapachika chipepala cha pulasitiki choti chitchinge fumbi, koma fumbilo silinkachiwerengera n'komwe. Linkalowa m'buledi, m'shuga, m'makutu, ngakhale mu mswachi. Ukaluma dzira unkamva mchenga m'mano.

Ana okha ndiwo ankaimva kukoma. Mtolankhani ankavala chitini cha penti kumutu n'kumalamula amisiri. Mnyamata ankagubuduzika pa mulu wa mchenga mpaka kutuwa mbuu, n'chifukwa chake dzina lija. Tsiku lina anadzaza simenti m'nsapato zanga za kuntchito n'kuthiramo madzi, akuti akumangira nyerere nyumba. Ndinalira, kenako ndinaseka, kenako ndinapita kuntchito nditavala masilipasi, ine wogulitsa nsapato.

Bwana Fumbi anaphunziranso kugogoda makoma poonera amisiri akamafufuza pamene pulasitala sanagwire. Kugogodako anangokusandutsa masewera athu. M'mawa ndikamatuluka ndinkagogoda khoma ndili kunja, go-go-go, iye n'kuyankha mkati ndi kachibakera kake. Ndikaiwala, kulira kwake kunkandiperekeza mpaka kumsewu.

Koma kuntchito mtima sunkakhala m'malo. Ndinkachoka amisiri asanafike n'kubwera ataweruka, ndipo Lamlungu, tsiku langa lopuma, iwonso ankapuma. Mtsikana wantchito anathawa fumbi sabata yoyamba yomwe. Ana tinkawasiya kwa aneba, koma ankazemba n'kubwerera ku mchenga wawo. Tsiku limene ndinapeza Bwana Fumbi ali ndi msomali mkamwa, akuuyamwa ngati switi, ndinatenga foni n'kuimbira mng'ono wanga.

Ndi chitsiriziro m'banja mwathu, wamfupi, wa nkhope yooneka yosalakwa. Timamutchula Kafupi. Anali atamaliza kosi yokonza tsitsi koma ntchito isakuoneka.

"Bwera udzandigwirire ana mpaka nyumba ithe," ndinatero.

"Achemwali, mukuchita kupempha? Ndifika mawa."

Palibe amene anandikakamiza. Foni inali yanga, pakamwa panali panga, ndipo ndinakamuchingamira ndekha kokwerera basi.

3

Kafupi anabweretsa mtendere. Ndikaweruka ndinkapeza ana atasamba, tsitsi la Mtolankhani litalukidwa, chakudya chitavundikiridwa bwinobwino. Ankagona pa matiresi pabalaza, pakati pa matumba a simenti, osadandaula. Amuna anga, amene kale ndinkachita kuwaimbira kuti abwere kunyumba, anayamba kuikonda ntchito ya nyumbayo moopsa. Anasintha nthawi za ophunzira awo kuti masana azikhala ndi amisiri. Ndinkauza anzanga kusitolo kuti amuna ngati anga amasowa.

Lamlungu lina m'mawa ndikukazinga mazira, anandizembera kumbuyo atatenga tepi yoyezera.

"Ima chilili, Mlongoti."

"Mwayamba liti utelala?"

"A kalipentala akufuna muyeso. Mkulu ameneyu sapanga khitchini ya m'buku. Amayeza mayi amene azigwiritsa ntchito, kuyambira pansi kufika pa fupa la m'chiuno. Sinki imakhala pamenepo."

Anagwada, n'kuika tepi pa chidendene changa, n'kuikweza pang'onopang'ono mpaka m'chiuno. Inali yozizira, inandinyerenyetsa, ndipo ndinaseka mpaka mazira kupserera.

"Tepi yatha!" anakuwa. "Bweretsani makwerero!"

Ana anathamangira pomwepo. "Nanenso! Nanenso!" Anawayeza onse, mitu, mimba, ngakhale lilime la Mtolankhani, n'kulengeza kuti ndi lalitali kuposa mwini wake. Chipinda chonse chinali phokoso. Kafupi yekha anali atakhala pa sutikesi akuwaza anyezi, maso ali pansi.

"Muyezeni nayenso uyu," ndinatero. "Ameneyu lula ya kusukulu ikwana."

"Ine ayi, achemwali," anayankha, akupukuta m'maso ndi mkono. "Anyeziyu akundiliza."

Pa miyezi yonse ya fumbi ija, tsiku limenelo ndi limene ndinasangalala koposa. 

4

Chipinda cha kuseri chija chinali ndi chitseko cholowera m'nyumba, chogundana ndi chipinda chatsopano cha ana. Amuna anga anati chitsekocho chichotsedwe, pamangidwe njerwa, kuti anthu a lendi azilowera kwawo. Ndinavomera, n'kuwonjezeranso maganizo anga.

"Khomalo likhale lochindikala," ndinatero. "Sindifuna kumva wailesi ya anthu ena m'nyumba mwanga."

Njerwa zake ndinatuta ndine pa wilibala, Bwana Fumbi atakhala pamwamba akundiliza hutala ndi pakamwa. Khoma litauma, amuna anga anandibweretsera kabuku ka mitundu ya penti.

"Sankha amene ukumukonda, wa chipinda cha kuseri."

"Wa anthu a lendi ndichite kusankha ine?"

"Uli ndi maso abwino."

Ndinasankha wa mtundu wa thambo, amene ndimamukonda kuyambira ndili mtsikana. Ndinapentanso ndekha, chifukwa ine ndimafika m'mwamba popanda makwerero. Ana anandithandiza m'munsi, penti wambiri n'kuthera m'tsitsi mwawo. Nditamaliza ndinaima pakati pa chipindacho manja ali m'chiuno, n'kunena kuti amene adzakhale muno adzandithokoza. Mawa lake pachitseko chakunja panali loko. Amuna anga anati a kalipentala akusungamo zida zawo.

Masiku amenewo ndinkafika kunyumba mapazi atatupa, mutu ukuwawa. Ndikangokhala pansi, Mtolankhani ankayamba kuwerenga nkhani.

"Amama, lero adadi anatitumiza kukagula maswiti, titabwera anatitumizanso."

"Muwola mano."

"Amama, lero adadi anagulira anti diresi, koma anati ndisanene."

"Akuwathokoza pokulerani inu."

"Amama, lero anti anasanza kuseri kwa mchenga."

"Ndi fumbi limenelo. Ndatopa, mwanawe, zinazo undiuze mawa."

Mawa lake ndinagulira Kafupi mkaka, poti amisiri amati umatsuka fumbi pakhosi. Anaulandira ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso.

5

Tsiku lochotsa chipepala cha pulasitiki linakwana. Ndinafika madzulo n'kupeza ana akutsetsereka ndi masokosi pa matailosi atsopano. Chipinda chawo chinali ndi bedi losanjikiza, ndipo chitseko chake chinayang'anizanadi ndi chathu monga ndinapemphera. Ndinaima pakati pa zitseko ziwirizo n'kuthokoza Mulungu mokweza mawu.

Kenako ndinalowa kukhitchini. Abale, inali khitchini! Makabati oyera, zenera lalikulu, sinki yonyezimira ya mbali ziwiri. Ndinatenga kapu yomwe inali yoyera kale kuti ndingoitsuka, ndimve kukoma. Ndinatsegula mpopi, n'kupezeka ndawerama. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kuyandikiranso. Sinki inandilekeza m'ntchafu, chimodzimodzi yakale ija.

"Bambo a ana, tabwerani muone."

Anabwera akukanda m'mutu. "A kalipentala asokoneza manambala. Ukalamba umenewu. Tidzakonza."

"Liti?"

"Iwenso Mlongoti, nyumba yonse yokongolayi waona sinki yokha?"

Ndinachita manyazi n'kubwezera kapu ija m'kabati. M'mawa mwake ndinapeza Kafupi akutsuka makapu pa sinki ija akuimba chamumtima, msana uli woongoka, manja akufika bwinobwino ngati anabadwira pomwepo. Ine amene ndimadziwa saizi ya munthu asanavule nsapato, ndinayang'ana, ndinaona, ndipo chimene ndinaganiza n'chakuti anthu aafupi ali ndi mwayi.

Koma msana sunandilole kuiwala. Sabata itatha ndinali nditakwiya kokwanira. Ndinapempha abwana anga kuti ndiweruke masana, osauza aliyense kunyumba. Ndinkadziwa kuti a kalipentala akadali pomwepo, akumalizitsa kabati ya zovala za ana, ndipo ndinkafuna ndikawauze mawu awiri atatu.

6

Ndinapeza nyumba ili zii. Amuna anga anali ndi wophunzira, Kafupi anali atapita ndi mnyamata kukatenga Mtolankhani kusukulu. M'chipinda cha ana munali bambo wachikulire, pensulo ili kukhutu, akukhoma chogwirira pa kabati. Ndinawapatsa moni koma sanatembenuke. Makina ochekera matabwa anawagonthetsa makutu, moti ndinachita kukuwa.

"Ndinu a kalipentala?"

"Ndine, mayi!" Nawonso ankalankhula mokuwa.

"Sinki ija munayezera mwana wasukulu?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kumwetulira ngati aona m'bale wawo.

"Oo, ndinu achemwali awo a madamu! Abwana ananena kuti ndinu wamtali, koma sanati chonchi!"

"Achemwali a ndani?"

"A madamu, eni nyumba ino! Aafupi aja!"

Anatenga ndodo yosalala imene inali pakona n'kuiimika pakati pathu. Inali ndi mizere iwiri yocheka ndi mpeni, wina m'munsi, wina m'mwamba.

"Ine sinki sindilakwitsa, mayi. Onani. Wam'munsiwu ndi wa madamu, ndinawayeza ndekha abwana ali pomwepo. Wam'mwambawu ndi wanu, abwana anachita kubweretsa pa tepi. Yanu ili kwanu, kuseri. Simunaionebe?"

 Iwo anapitiriza mosangalala, akufufuza kiyi m'thumba la ovololo.

"Abwana anandiuza kuti ukwati wanu sunayende bwino, ndiye akufuna mukhale pafupi ndi abale, ana azikuchotsani maganizo. Ndinati anthu a mtima woterewu atsala ochepa. Landirani kiyi, kaoneni. Bedi ndinawonjezera m'litali, mapazi asamalendewere."

Ndinatuluka panja n'kuzungulira nyumba, kudutsa pa mulu wa zidutswa za njerwa, chifukwa njira ya mkati ndinathandiza ndekha kuitseka. Loko sanavute. Munalibe chida ngakhale chimodzi. Munali makoma anga a mtundu wa thambo, bedi lalitali, kalilole wopachikidwa m'mwamba pamene nkhope yanga inakwanira yonse. Pakona panali kasinki. Ndinayandikira, ndipo m'mphepete mwake munandigunda pa fupa la m'chiuno ndendende.

Ndinatsegula mpopi n'kusamba m'manja nditaima chilili. Sindinalire. Ndinangoima pomwepo madzi akutayika.

7

Anandipeza momwemo. A kalipentala ndiwo anawauza, mwachisangalalo, kuti achemwali afika. Amuna anga anaima pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja, Kafupi ali kumbuyo kwawo atanyamula Bwana Fumbi. Ndinauza Mtolankhani kuti atenge mlongo wake apite kwa aneba. Tsiku limenelo sanafunse funso.

"Sinkiyi ndi yabwino," ndinatero. "Munthu wa lendi wanuyo ndi wamtali ngati ine."

"Poyamba chinalidi cha lendi," anatero amuna anga.

"Kenako?"

"Kenako zinthu zinachitika."

Kafupi anagwada pa simenti. "Achemwali, ndikhululukireni. Ndili ndi pakati."

"Tsiku la tepi lija unkadziwa chimene ankandiyezera?"

Anagwedeza mutu kuvomera, misozi ili chuchuchu.

"Ndiye sanali anyezi."

Amuna anga anatsokomola, n'kuyamba kulankhula ndi mawu aja amalankhulira ndi wophunzira amene wazimitsa galimoto pamphambano.

"Mtima pansi, Mlongoti. Ndimafuna ndikuuze zonse zikatha. Sindikukuthamangitsa. Wina akanakuponyera katundu panja, koma ine ndakukonzera pabwino. Taona wekha, chilichonse n'cha msinkhu wako. Penti unasankha wekha. Ana uziwaona tsiku lililonse."

Ndinawayang'ana kumaso kufuna ndione manyazi, koma sindinawapeze. Munthuyu ankadikira kuti ndithokoze. Pamenepo m'pamene ndinalira, kulira kwa chinyama, kumene ngakhale a kalipentala ogontha aja anakumva n'kubwera akuthamanga. Ataona Kafupi chogwada, ine ndikukuwa kuti ndine mkazi wa m'nyumba muno, anavula chipewa, n'kutola zida zawo osamaliza kabati. Sanabwerenso.

"Ana ndikutenga," ndinatero.

"Upita nawo kuti?" anafunsa amuna anga. "Ndi mphumu imeneyi? Nyumbayi ndi ya bambo anga, ndipo anawa chipinda chawo chili muno."

8

Ndinawatengadi. Musaganize kuti ndinangopinda manja. Mnzanga wa kusitolo anatisunga m'kachipinda kake, atatu pa matiresi amodzi, pafupi ndi khoma la chinyontho lomera nkhungu. Ndikaweruka ndinkayenda kufunafuna nyumba. Zimene malipiro anga akanakwanitsa zinali zofanana zonse: zenera losatseguka, utsi wa aneba, chimbudzi cha anthu ambirimbiri. Masana ana ndinkawasiya ndi mlonda wa pageti, amene ankawapatsa foni yake kuti asalire.

Ndinaimbira mayi athu. Analira nthawi yaitali, kenako anati, "Nonse ndinu ana anga. Ndikane uti?" Ndinadula foni.

Ndinapita kwa mayi wina wodziwa za malamulo. Anandimvetsera mwachifundo, n'kundiuza kuti mlandu ndikhoza kuwina, koma umatenga nthawi, ndipo funso loyamba lidzakhala lakuti anawo azigona pati. Funso limenelo ndinalibe yankho lake.

Kenako chinyontho chija chinachita zake. Lamlungu lina masana kamluzu kanayamba, kampope kopumira sikanathandize, milomo ya mwana wanga inayamba kuda. Ndinathamanga naye kuchipatala wopanda nsapato. Atamuika chopumira kumphuno, adokotala anandifunsa kumene amagona. Nditafotokoza anapukusa mutu, n'kunena kuti akabwerera m'chipinda chimenecho tidzakumananso, mwina mochedwa.

Mtolankhani anali atakhala pa benchi, miyendo ikulendewera.

"Amama," anatero motsitsa, "bedi lathu losanjikiza lija anatenga ndani?"

Titatuluka m'chipatala ndinawaperekeza mpaka pakhomo lakumaso. Anathamangira mkati akukuwa ndi chimwemwe, molunjika kuchipinda chawo chouma, chofunda, chopanda nkhungu. Ine ndinanyamula sutikesi yanga n'kuzungulira kuseri. Kiyi uja anali akadali m'chikwama changa.

9

Ndikulemba izi nditakhala pa bedi lalitali lija. Kafupi anabereka mwana wamkazi. Matewera ake amayanikidwa pa chingwe chimodzi ndi yunifolomu yanga. Tikakumana pamenepo amati, "Mwadzuka bwanji, achemwali," ine n'kuyankha kuti ndadzuka, chifukwa ana amakhala akuyang'ana.

Madzulo ana amabwera kwanga. Timadya limodzi, ndimawathandiza za kusukulu, ndimadula zikhadabo zawo. Ikakwana nthawi yogona bambo awo amaitana pazenera, iwo n'kuzungulira nyumba kupita kuchipinda chawo, chimene chitseko chake chimayang'anizana ndi cha mng'ono wanga. Mtolankhani anasiya kutola nkhani. Ndikamufunsa kuti lero kwachitika zotani uko, amayang'ana pansi n'kuti, "Palibe." Ndimamunyengerera, ndimalonjeza kuti sindinatope, koma mwanayo anaphunzira kusunga zinthu m'mimba.

Bedi la mnyamata lili kuseri kwa khoma limene ndinatutira njerwa. Ndinapempha lochindikala, ndipo amisiri anandimvera. Kamluzu kaja sikadutsa. Mwezi wathawu ndinamuona m'mawa ali ndi pulasitala wa kuchipatala pa dzanja. Anabanika, Kafupi anamumva n'kuthamanga naye, ine ndili chigonere pafupi pomwepo osadziwa kanthu. Ndinafuna kukalipa kuti bwanji sanandidzutse, koma mwana anali moyo chifukwa cha iye. Ndinati zikomo, ndipo mawu amenewo anandiwawa kuposa onse amene ndinalankhulapo.

Chimene chimadutsa pa khoma limenelo ndi kugogoda kokha. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkagogoda, go-go-go, ndipo kachibakera kankayankha. Masiku apitawa sikanayankhe. Ndinamufunsa mnyamatayo madzulo akudya.

"Anti akuti tikamagogoda mwana amadzuka," anatero, n'kupitiriza kutafuna.

Owerenga anzanga, ndikudziwa zimene mukunena pamene mwakhalapo. Ena mukuti ndichoke, ndikayambirenso moyo. Ena mukuti ndine chitsiru. Chachiwiricho sindikana, koma choyambacho mundiuze kaye kumene mwana wanga akapume. Sindinalembe kuti mundimvere chisoni, ndiponso nzeru zoti ndikugawireni ndilibe. Ndingoti, mwana wanu akayamba kukuuzani za tsiku lake inu mutatopa, khalani pansi mumve mpaka amalize. Ndipo ngati m'nyumba mwanu mukumangidwa, kaonekereni masana, amisiri adziwe nkhope yanu.

Msana wanga unapola. Mbale ndimatsuka nditaima chilili, monga anandilonjezera. Ndi mbale zitatu madzulo, imodzi m'mawa.

Ndikamaliza ndimavala nsapato, n'kuima pa khoma lija. Sindigogodanso, kuopa kudzutsa mwana wa eni nyumba. Ndimangoika chikhatho pa penti amene ndinasankha ndekha, n'kudikira pang'ono, kenako ndimapita kukayeza mapazi a anthu.